Miyala ya a Gerishomo

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu wanga, chifukwa amake Leah akamva kuti ndalemba za iwo osautchula, andipeza. Ine Ismail, wokonza njinga pamsika wathu kuno kwa Mwambo, amenenso ndine mlembi wa komiti ya madzi, ndinasambira pamwala wa ngalande chaka chathunthu. Unali mwala wabwino, wosalala koma wosaterera, wokwana mapazi onse awiri. Ndinaunyamula ndekha panjinga, ndipo mkazi wanga, Abiti Bakali, anandiyamikira masiku atatu.

Amake Leah dzina lawo ndi Veronica Namakhwa. Ndi mayi wamfupi, wopitirira zaka makumi asanu, wamawu aakulu kuposa thupi, ndipo amayenda mothamanga ngakhale akungopita kukapala moto. Mwamuna wake anapita kunyanja kukagula matemba mwana wake wotsiriza ali kumsana, ndipo tikumva kuti akugulabe. Ana ake anayi anawalera ndi mapuloti awiri a mpunga. Sapita kumaliro popanda nkhuni, sabwereka mchere kawiri, ndipo sadziwa kunong'ona. Ine ndinakula naye, choncho ndimutchula kuti Veronica, ngakhale pamaso pake sindingayerekeze.

Sikimu yathu ya mpunga si ija yaikulu ya Likangala imene anthu amaidziwa. Yathu ndi yaing'ono, ya ngalande imodzi yadothi imene imatenga madzi mumtsinje n'kutsika nawo pang'onopang'ono kulowera kunyanja ya Chilwa. Mapuloti oyandikira geti yolowetsera madzi timati kumutu. A kumapeto, kumene madzi amafika atatopa, timati kumchira. Usanafike kumchira pali mphambano, pamene ngalande imagawikana pawiri. Nthambi ina imakhotera kumapuloti, ina imataya madzi otsala kudambo. Kumchira kuli mabanja makumi atatu, ambiri mwa iwo amayi olera okha ana, chifukwa pogawa malo amphamvu anathamangira kumutu. Mapuloti a Veronica ndiwo omalizira enieni.

Bambo ake, a Gerishomo, anali m'gulu la anthu amene anakonza ngalandeyi ife tikuyenda opanda kabudula, ndipo anakhala mlonda wake zaka makumi anayi. Kuno kulibe miyala. Dziko lathu ndi makande okhaokha, moti ukafuna kugenda galu umatola chibuma. Ndiye miyala khumi ndi iwiri imene a Gerishomo anayala pansi pa ngalande anachita kukaitenga kumapiri a ku Zomba pangolo. Uliwonse anaugoneka pamlingo wake. M'mbali anasema nambala, pamwamba n'kusema timizere. Timizere titatu tinkatanthauza kuti mwalawo watsika zala zitatu kuchoka pa unzake wakumtunda. Wa khumi ndi chiwiri unali wautali ngati chitseko. Umenewo unkapingasa pamphambano, nsonga zake zitalowa m'zipilala ziwiri za njerwa, kutchinga njira ya kudambo kuti madzi akwere kaye n'kukhotera kumchira.

Chaka chilichonse tikamachotsa matope, a Gerishomo ankayenda m'mbali ndi khasu lawo lakutha, akukuwa kuti, "Sitikukumba! Tikusesa! Khasu likalira pamwala, lekerani pomwepo!" Ife tinkaseka n'kumati nkhalamba ija yayambapo. Palibe amene anafunsa chifukwa chake. Madzi ankafika, ndiye tikanafunsanso chiyani?

Kenako kunabwera namondwe uja amene aliyense akumukumbukira. Ngalande inakwiririka ndi mchenga mpaka sitinkadziwa kuti ili pati. Patapita miyezi itatu kunabwera pulojekiti ya ntchito za chitukuko, ndipo ine, monga mlembi, ndinalemba chikalata n'kuchikhoma pamtengo wa mango pamsika: "Lolemba tonse tikakumbe ngalande." Mawu amenewo ndinalemba ndi dzanja langali. Pa nthawiyo a Gerishomo anali atagonekedwa kuchipatala ku Zomba ndi miyendo yotupa, ndipo Veronica anali komweko kuwadikirira.

Tinakumba ndithu. Kapitawo ankayeza ndi ndodo, ndipo gulu limene ndodo yamira kwambiri ndilo linkaoneka lolimbikira. A kumutu kupikisana ndi a kumchira, a kumzikiti kupikisana ndi a kutchalitchi, tonse tikuganiza kuti ngalande yakuya ndiyo imanyamula madzi ambiri. Khasu likalira, m'malo moleka tinkakondwera: "Mwala! Kuno mwala!" Tinkauzula, ndipo pofika madzulo unali utapeza kale mwini. Itatu yakumutu yokha ndiyo inapulumuka, chifukwa inali yomata ndi simenti.

Tsiku lotsegula geti madzi anabwera ambiri, okongola, n'kudutsa pansi penipeni, mapuloti a kumchira ali pamwamba kumangowayang'ana. Pamphambano sanaime n'komwe, anangopitirira kudambo. M'maenje amene tinakumba munadzaza milamba, ndipo anthu owedza okha ndiwo anatiyamikira. Chilimwe chimenecho kumchira sanawokere mpunga. Dzinja lotsatira mvula inavuta, ndipo amayi aja anayamba kumakagwira ganyu m'mapuloti a kumutu.

A Gerishomo atatuluka m'chipatala anapempha kuti akaone ngalande. Ndinawakweza ndine panjinga. Anaima pamphambano nthawi yaitali atatsamira phewa la mwana wawo, kenako anandifunsa modekha kuti, "Che Ismail, khasu silinalire?" Ndinayankha kuti linalira. Anamwalira patatha milungu itatu, ndipo funso limenelo limandiwawabe mpaka lero. Mwala wautali uja unali udakali m'mphepete mwa ngalande, chifukwa unakana kukwera njinga ya aliyense. Veronica anapempha adzukulu, okumba manda aja, kuti aunyamule akaugoneke pamanda a bambo ake. Anati munthuyo agone ndi umodzi mwa miyala yake. Tonse tinati wachita bwino.

Chaka chotsatira, kumapeto kwa Juni, komiti inaitanitsa msonkhano. Tcheyamani wathu ndi a Samsoni, mlongo wake wa Veronica, wamkulu, bere limodzi. Ali ndi mapuloti asanu kumutu ndi njinga yamoto yonyamula nsomba kudoko. Si munthu woipa. Kungoti chinthu chikakhala chatsopano amachikhulupirira asanachione.

"Abale, tisanamizane," anatero a Samsoni. "Ngalande ya kumchira inafa. Kumapeto kwa Julaye kukubwera giredala kudzasalaza msewu wa kudoko. Tapempha kuti ikwirire ngalandeyi, msewu udutse pomwepo, wowongoka. A kumchira mudzale mbatata. Zinthu zakale zimatha, tisamakakamire."

Anthu anang'ung'udza chapansipansi, koma amene anaimirira anali mmodzi yekha.

"Achimwene, ngalande inafa liti? Maliro ake tinalirira kuti?"

"Achemwali, khalani pansi. Muli pamiting'i pano, si kunyumba."

"Ndikhala, koma mundiyankhe kaye. Inafa yokha, kapena munaipha ndi makasu anu? A mlembi ali apawa, atikumbutse zimene analemba pamtengo wa mango."

Ine ndinayang'anitsitsa m'kope ngati muli nkhani yofunika kwambiri.

"Ndipo simunaiphe n'komwe," anapitiriza Veronica. "Munangoigulula mano. Ndipatseni milungu isanu. Madzi akafika papuloti yanga giredala isanabwere, ngalande ikhale. Akapanda kufika, ndidzakuthandizani kukwirira ndi manja angawa."

A Samsoni anaseka, anthu n'kuseka nawo, ndipo anati ndilembe. Ndinalemba.

Mawa lake Veronica anafesa nazale. Amene amalima mpunga akudziwa tanthauzo lake. Mbande zikakwana milungu inayi, mwina isanu, zimafuna kuwokeredwa m'madzi. Zikapitirira pamenepo zimakalamba, ndipo mbewu yatayika. Iye anafesa mpunga wake wonse wa faya, umene anausunga m'chigubu osaudya ngakhale m'miyezi ija ana ake ankagonera maungu. Ankathirira ndi keni, akutunga m'maenje athu omwewo. Anthu odutsa ankapukusa mitu, ena n'kumati imfa ya bambo ake yamusokoneza.

Kusonkhanitsa miyala anayambira kwa ine. Ndinangomva "Odi kuno!" m'mawa, ndipo ndisanayankhe anali atazungulira kale kuseri kwa nyumba.

"Amake Leah, kubafa kwa eni mukufunako chiyani?" anafunsa Abiti Bakali.

"Nambala seveni."

"Mwalawu anatola bambo a kunyumba kuno. Sanabe."

"Sindinati anaba. Ndati ubwerere kuntchito."

Abiti Bakali si munthu wogonja msanga, ndine mboni. Anagwira m'chiuno n'kunena kuti, "Chabwino, tengani. Koma nanga wanu uja, wautali uja uli kumanda? Nawonso ubwerera kuntchito? Kapena ntchito ndi ya miyala ya m'mabafa mwa anzanu yokha?"

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Veronica anapinda chitenje kupanga nkhata, n'kuika pamutu, nati, "Che Ismail, ndisenzeni." Sindinalole. Ndinaukweza panjinga yomwe ija ndinaubweretsera, n'kumakankha pambuyo pake mpaka kungalande, sopo akadaumata m'timizere.

Ina anaitola m'masiku asanu ndi limodzi. Umodzi unali fuwa kwa mayi wina wophika zitumbuwa, utada bii. Wina amayi ankachapirapo pamjigo. Wina unali pakhomo pa tchalitchi, anthu akupukutirapo matope. Ife pamzikiti tinali ndi wathu pamalo osambira mapazi, koma titamuona akubwera patali tinauzula tokha n'kukamuchingamira nawo, kuopa kuti angafike n'kuyamba kulankhula. Amene anavuta ndi mwini golosale wina pamsika, amene anapanga masitepe ndi miyala iwiri. Anati sapereka, ndipo ngati pali mlandu akamusumire. Veronica sanakangane naye. Anangokhala pasitepe yapamwamba kuyambira sitolo itatsegulidwa, miyendo atatambasula, n'kumauza aliyense wofuna kugula shuga kuti akuponda mpunga wa mabanja makumi atatu. Pofika thu koloko mwini golosale anatuluka ndi khasu n'kuizula yekha.

Kubweza miyala kunali kochepa. Ntchito yeniyeni inali kubweza dothi limene tinakumba, ndi kulibweza pamlingo wake. Veronica anapita ku Songani kwa mmisiri wina womanga nyumba n'kubwereka paipi ija yoonekera mkati, imene amaidzaza madzi poyezera maziko. Madzi a m'paipi amaima mofanana mbali zonse ziwiri, ndiye ukhoza kudziwa pokwera ndi potsika. Anayamba ndi miyala itatu ija inatsala, kuti aone ngati timizere tikunena zoona. Pamwala wachiwiri pali timizere tinayi. Anaika zala zake zinayi, zinaperewera. Ndinaika zanga, zinapereweranso. Amayi onse amene analipo anayesa, osakwana. Pamenepo Veronica anaseka koyamba chiyambire ntchitoyi. "Zala za bambo," anatero. "Tinaiwala kuti zinali ngati chinangwa."

Tinawapeza a Samsoni pamsika akumanga dengu la nsomba panjinga yamoto.

"Achimwene, ndabwera kudzabwereka dzanja."

"Ine ndinanena kale, sindikumba nawo zamisalazo."

"Sindikufuna mphamvu zanu, mulibe. Ndikufuna zala."

Asanamvetse, anali atawagwira kale dzanja n'kuligoneka pabango limene anabwera nalo. Anadula timizere ndi mpeni, chala ndi chala, anthu akuonerera. Atapita kukayeza pamiyala ija, bango linakwana ndendende. A Samsoni anatsala akuyang'ana dzanja lawo, ndipo tsiku limenelo nsomba anakagulitsa mochedwa.

Kuyambira pamenepo zinali za chikhomo ndi chikhomo. Paipi, bango, chingwe, kenako dothi. Amayi a kumchira anayamba asanu. Mlungu wachiwiri anali makumi awiri. Ankasenza makande m'mabeseni, kuthira m'ngalande, kuwaza madzi, n'kumatsindira ndi minsi yawo yosinjira chimanga. Amuna odutsa panjinga ankaima n'kumafunsa kuti, "Amayi, ufa wake tidya liti?" Veronica ankawayankha kuti amene akufuna kulawa atsike, munsi wotsala ulipo. Awiri kapena atatu anatsikadi, chifukwa cha manyazi. Ine ndinkatseka shedi yanga m'mawa monse n'kumakankha wilibala. Musandiyamikire. Ndinkabweza dothi limene ndinakumba ndekha.

Mwala ukafika pamalo ake, Veronica ankaupukuta ndi chitenje, kuwerenga timizere mokweza kuti aliyense amve, kenako n'kuitana mayi mmodzi kuti ayeze yekha ndi bango. Ankati bambo ake analakwitsa chinthu chimodzi: anakuwa zaka makumi anayi osafotokoza. Pofika mwala wa nambala leveni, amayi aja ankakangana naye za mlingo, ndipo kawiri konse anamupeza wolakwa.

Koma za mwala wa khumi ndi chiwiri sankalankhula. Pamphambano anaikapo matumba a mchenga. Lachisanu la mlungu wachitatu, limene ndi tsiku la madzi a kumchira, tinatsegula geti. Madzi anayenda bwino pamwamba pa miyala yonse, anafika pamphambano, anakwera pang'ono, kenako matumba anagwa chagada n'kupita kudambo. Lachisanu lotsatira anayesa mitengo ya bulugama yomata ndi makande. Madzi analowa pansi pake n'kuinyamula. M'zipilala zija muli mphako zimene anazisiyira mwala umodzi wokha, ndipo aliyense ankadziwa kumene uli. Palibe amene anautchula. Ngakhale Abiti Bakali anatseka pakamwa.

Mbande zinayamba kuchita chikasu kunsonga. Anthu ochokera kumtunda anati giredala aiona ikugwira ntchito m'mudzi wachitatu kuchokera kwathu. Kunatsala Lachisanu limodzi.

Lachitatu masana ndinali kwa a Samsoni, ndikumata tayala la njinga yawo, pamene Veronica anafika. Sanakhale pamkeka umene alamu ake anamuyalira.

"Achimwene, mawa ndikukatenga mwala."

"Mwala uti?" anafunsa a Samsoni, ngakhale ankadziwa.

"Wa bambo."

"Mwapenga eti? Kufukula manda chifukwa cha mpunga? Anthu adzati chiyani? Adzati ndinu mfiti!"

"Anene. Anayamba kale. Sindikufukula munthu ine, ndikunyamula mwala umene ndinauika ndekha."

"Munauika mukulira, achemwali. Tonse tinakuonani."

"Ee, ndipo ndiuchotsa ndikulira. Vuto lili pati?"

"Ine ndine wamkulu pabanja pano. Sindilola."

"Sindinabwere kudzapempha. Ndabwera kuti musamvere kwa anthu."

Anatembenuka n'kumapita. A Samsoni anamukuwira kuti akapita kumandako asadzapondenso pakhomo pawo. Veronica sanacheuke, koma ine ndinaona kuti akuyenda pang'onopang'ono, mosiyana ndi masiku onse.

Kumanda salowako chisawawa, choncho anakapempha kwa amfumu. Amfumu athu ndi mayi, ndipo nawonso ali ndi puloti youma kumchira, ndiye sanachedwe kuvomera. Koma Lachinayi m'mawa, mwa adzukulu asanu ndi mmodzi amene anauzidwa, anabwera atatu okha. Ine ndinabwera ndi ngolo yobwereka n'kuima nayo kunja, pansi pa mtengo, chifukwa ndi manda a Akhristu ndipo ndinalibe nawo gawo. Kuchokera pamenepo ndinkaona ndi kumva zonse.

Veronica anagwada, n'kuzula udzu wozungulira mwala ndi manja. Kenako analankhula ngati mmene ankalankhulira nawo pakhonde.

"Bambo, ndine Vero. Pepani kukusokonezani. Ndinalakwitsa ine. Ndinakupatsani mwalawu kuti mugone nawo, pamene inu simunausemere manda. Mwapuma nawo chaka chathunthu. Kunjaku ntchito yaima."

Atatero analira. Sindikunena zogwetsa misozi mwaulemu ayi. Analira mokweza, atakumbatira mwala, mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Ine ndinaluma mano, koma sizinathandize. Kenako anadzuka, anamina, n'kutenga khasu lakutha lija la bambo ake, limene anabwera nalo, n'kulizika kumutu kwa manda. "Nyamulani," anauza adzukulu.

Anthu atatu sakanautha. Anaukweza mbali imodzi, n'kuubweza pansi. Veronica anagwira ngodya yachinayi, koma mwala sunasunthe. Anayang'ana kumene ndinaima. Ndinavula nsapato n'kulowa. Popita kungalande, ndinangoona Abiti Bakali akutsatira ngolo pambuyo, atafunda mpango kumaso. Titafika anagwira mkono wa Veronica n'kunena kuti, "Pakamwa pangapa, amake Leah." Veronica anayankha kuti, "Panena zoona. Gwirani chingwe icho."

Mwala unalowa m'mphako zake osavuta ngakhale pang'ono. Amayi anatsindira makande kutsogolo ndi kumbuyo kwake mpaka dzuwa litapendeka.

Lachisanu geti inatsegulidwa m'mawa, koma madzi amatenga nthawi kuti adzaze ngalande youma. Ine ndinapita kumzikiti mtima uli kwina, ndipo Mulungu andikhululukire, za ulaliki wa tsiku limenelo sindikumbukirapo liwu ngakhale limodzi. Potuluka ndinaiona giredala yachikasu itaima pamsika. Ndinapalasa njinga mpaka tcheni chinaguluka, ndipo chigawo chotsala ndinathamanga wapansi.

Ndinapeza anthu atadzaza mbali zonse za mphambano. Madzi anali atafika kale pamwala. Anaima pamenepo akuzungulira ndi zinyalala zawo, n'kumakwera. Chala chimodzi. Ziwiri. Mayi wina anayamba kupemphera, wina n'kumuuza kuti atonthole. Mwala sunagwedezeke. Kenako kalilime ka madzi kanakhotera kumanzere, m'ngalande ya kumchira, kakukankha masamba ouma patsogolo pake.

Amayi analulutira. Veronica sanalulutire. Anatsatira kalilime kaja wapansi, akuchotsa timitengo pa njira yake, kudutsa mapuloti onse a anzake mpaka kumapeto. Pamenepo anakankha chibuma ndi chidendene, madzi n'kulowa papuloti yake. Anawayang'ana kufikira atamiza mapazi ake, kenako anapita panazale n'kuyamba kuzula mbande.

A Samsoni anafika panjinga yamoto atakweza dalaivala wa giredala. Dalaivalayo anali mlendo, sankadziwa kalikonse. Anayang'ana madzi, anayang'ana anthu, n'kufunsa kuti, "Bwana tcheyamani, ndikwirire kuyambira pati?"

A Samsoni anazimitsa injini n'kutsika. Mwala unkaoneka bwinobwino pansi pa madzi, timizere tisanu tili pamwamba pake. Anavula chipewa n'kuima pamenepo ngati mmene munthu amaimira pamanda. Kenako anati, "Msewu ukhote." Mpaka lero msewu wathu wa kudoko uli ndi kona limene a njinga zamoto amalitukwana tsiku lililonse, ndipo a Samsoni ndi mmodzi mwa iwo.

Atamupeza mlongo wawo panazale, anamufunsa motsitsa mawu kuti, "Achemwali, nanga pamanda pakhala popanda kanthu?"

"Pali khasu," anayankha Veronica, osasiya kuzula. "Mukawafuna bambo, muzibwera pamphambano. Ali moyo tinkawapeza kuti?"

Sindinama kuti zonse zinakhala bwino. Mbande zina zinali zitakalamba, ndipo Veronica anakolola theka la zimene amakolola. Alipo anthu mpaka pano amene sagula mpunga wake, ati ndi wa madzi a kumanda. Iye amati asagule, atsala ndi njala yawo. Ndi a Samsoni amalonjerana, koma pakhomo pawo sanapondebe, chifukwa akuti akudikira kuti amene anamuletsa adzamuitane. Chikalata cha chaka chino ndinalemba kuti, "Lolemba tonse tikasese ngalande." Veronica anachiwerenga kawiri, n'kundiuza kuti zilembo zanga ndi zoipa.

Pali chinthu china chimene palibe anachilamula. Kwathu kuno ukamadutsa pamene pali maliro umatsika panjinga n'kumakankha. Anthu atamva zimene a Samsoni anachita tsiku lija, anayamba kutsika akafika pamphambano. A nsomba, a makala, aphunzitsi, onse. Ine ndimatsika tsiku lililonse, ndipo ndimavula chisoti, ndikukumbukira funso lija ndinafunsidwa pamalo omwewo.

Mlungu wathawu Veronica anandipeza nditaima choncho, njinga m'manja, mutu pansi. Anali m'madzi mpaka m'maondo, akuzula udzu.

"Che Ismail, wamwalira ndani?"

"Palibe, amake Leah. Ndikungopereka ulemu."

"Ulemu wa chiyani? Munthu ali pantchito, inu mukumulira? Ngati mwatsika, tsikirani m'madzi muno." Anandiponyera khasu. "Ndipo likalira, mukudziwa chochita."